Sitolo ya pa Foni Nayonso Ili ndi Masitepe

Amene amadutsa mumsewu wa M1 pakati pa Chimbiya ndi Bembeke amadziwa mmene malonda a ku Dedza amaonekera: ndowa za kachewere, milu ya kabichi, tomato ndi anyezi, ogulitsa akuthamangira galimoto isanaime n'komwe. Koma masiku ano malonda ambiri amatha galimoto isanafike. Mlimi kapena venda amajambula matumba a mbatata, n'kulemba mtengo ndi nambala ya foni pamwamba pa chithunzicho ndi zilembo zamitundumitundu, n'kuchiponya pa WhatsApp kapena pa Facebook. Mwini chiwaya ku Lilongwe akachiona amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, katundu n'kukwera lole. Eni malo ogona alendo, osema ziboliboli, oumba mbiya, ogulitsa mbewu ndi feteleza, onse alowa njira yomweyi, ndipo yawapepukitsira zambiri. Komabe alipo wogula amene chithunzi chija sichimuuza kanthu. Munthu wosaona amene ali ndi foni yamakono amadalira pulogalamu yomuwerengera mokweza zolembedwa, monga TalkBack pa mafoni a Android kapena VoiceOver pa iPhone. Pulogalamuyo imawerenga mawu otayipidwa, koma ikafika pa chithunzi kawirikawiri imangonena kuti apa pali chithunzi, basi. Mtengo, nambala, tsiku lofika katundu, zonse zatsekeredwa m'kati. Ndalama ali nazo m'foni, katundu akumufuna, koma waima panja ngati munthu wa pa njinga ya olumala amene wapeza masitepe asanu pakhomo la golosale.

Ambiri akamva za malamulo okakamiza amalonda a pa intaneti kuti azifikira anthu aulumali amaganiza kuti ndi nkhani ya ku America ndi ku Ulaya, kumene makampani ali ndi maloya ndi ndalama zotaya. Ine ndikuti udindowu uli kale pakhomo pathu, ndipo tinaulemba tokha. Gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko lino, omwe tinapanga mu 1994, limaletsa kusala munthu pa zifukwa zingapo, ndipo ulumali ndi chimodzi mwa zifukwa zotchulidwa dzina. Gawo 15 limanena kuti ufulu wotere uyenera kulemekezedwa ndi boma, komanso ndi anthu wamba ndi makampani pamene ukuwakhudza. Mu 2009 Malawi anavomereza pangano la bungwe la United Nations la ufulu wa anthu aulumali. Ndime 9 ya panganolo imatchula intaneti mosabisa, ndipo imauza boma kuonetsetsa kuti ngakhale mabizinesi omwe si aboma, malinga ngati akutumikira anthu onse, aganizire za aulumali. Kenako kunabwera lamulo la anthu aulumali la 2012, lomwe linalowedwa m'malo ndi la 2024. Lamulo latsopanoli ndi limene linabweretsa bungwe loona za aulumali la MACODA m'malo mwa MACOHA, yomwe inachokera ku lamulo lakale la 1971. Kusinthaku si kwa dzina lokha. Lamulo la 1971 linabadwa m'nthawi imene munthu waulumali ankaonedwa ngati wofunika kumuchitira chifundo, pamene malamulo a lero amamuona ngati nzika yokhala ndi ufulu wodzigulira, kudzilipirira ndi kudzisungira chinsinsi.

Anthu amenewa si ochepa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 10.4 pa 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wina wake, kutanthauza anthu oposa 1.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka la iwo vuto lawo ndi la kuona. Anapezanso anthu achialubino oposa 134,000, ndipo n'zodziwika kuti chialubino chimayenda limodzi ndi maso ofooka, osapirira kuwala. Boma la Dedza linali ndi anthu oposa 830,000. Tikayesa ndi mlingo wa dziko lonse, ndiye kuti m'bomali muli anthu aulumali pafupifupi 70,000, mudzi ndi mudzi kuyambira ku Linthipe ndi Mayani mpaka kutsikira ku Mtakataka. Chiwerengerochi sichikunena za osaoneratu okha. Muli agogo amene ng'ala yayamba kuwaphimba m'maso asanafike kuchipatala cha maso ku Nkhoma, bambo amene sitiroko inawafooketsa dzanja, mayi amene zilembo zing'onozing'ono zayamba kuwavuta atangopitirira zaka 45. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Wogulitsa amene lero akulemba mtengo ndi tizilembo tachikasu pa chithunzi choyera adzakhala ndani zaka 20 zikubwerazi, ngati si wogula wolephera kuwerenga tizilembo totero?

Lamulo limanena za ufulu, koma silingauze munthu kukula kwa zilembo kapena mtundu wa batani. Pamafunika muyeso, ngati mmene sikelo ya pamsika imafunira mwala wovomerezeka. Muyeso umene mayiko ambiri amagwiritsa ntchito ndi WCAG, malangizo olembedwa ndi bungwe la W3C loona za kapangidwe ka masamba a pa intaneti. Oyamba anatuluka mu 1999, anakonzedwanso mu 2008 ndi mu 2018, ndipo WCAG 2.2 inatuluka mu 2023. Ali ndi magawo atatu, A, AA ndi AAA, ndipo malamulo ambiri amafuna lapakatilo. Dzina lake likuopsa, koma zimene akunena n'zomveka kwa aliyense amene anagulitsapo kanthu. Chithunzi chilichonse chonyamula uthenga chikhale ndi mawu otayipidwa ofotokoza zimene zilimo. Zilembo zisiyane kwambiri ndi mtundu wa kumbuyo kwake, ndipo pa zilembo wamba muyeso wake ndi 4.5 kwa 1, zomwe zimathandizanso munthu wa maso abwinobwino amene akuwerenga foni padzuwa la pamsika. Kanema wokhala ndi mawu akhale ndi zolembedwa m'munsi. Pa fomu, malo alionse olembapo akhale ndi dzina lomwe pulogalamu ingawerenge, kuti munthu adziwe kuti apa n'polemba nambala ya foni, apa n'polemba ndalama. Munthu akalakwitsa, tsamba limuuze m'mawu kuti walakwitsa pati, osati kungofiiritsa kabokosi. Wosatha kugwira mausi athe kuyenda tsamba lonse ndi mabatani a kiyibodi. Ndipo pamene pali malire a nthawi, wochedwa apatsidwe mpata wowonjezera. Mtima wa zonsezi ndi umodzi: uthenga usadutse khomo limodzi lokha, la maso okha kapena la makutu okha.

Nkhani ya nthawiyi ikutifikitsa pamene bala lili lakuya kwambiri kuno kwathu, pa ndalama. Malonda a pa foni amathera pa kulipira, ndipo kulipira kwa anthu ambiri kumadzera pa manambala oyamba ndi nyenyezi n'kuthera pa hashi, kenako mndandanda wa zosankha, kenako nambala yachinsinsi. Foni ya mabatani, imene anthu ambiri akumudzi ali nayo, nthawi zambiri ilibe pulogalamu yowerengera mokweza. Osaona ena amaloweza pamtima ndondomeko yonse, kuti akadina 1 kenako 2 afika pakuti, ndipo ndi luso lochititsa chidwi. Koma tsiku limene kampani yasintha mndandandawo n'kulowetsapo chosankha chatsopano pakati, luso lija limasanduka msampha, ndalama n'kupita kolakwika. Amene ali ndi foni yamakono amamvetsera pulogalamu ikuwerenga mzere ndi mzere, koma kumvetsera kumatenga nthawi kuposa kuponya diso, ndipo njira ya nyenyezi ija imaduka yokha munthu akachedwa. Mapeto ake ndi odziwika. Munthu amapereka foni kwa ejenti, kapena kwa mwana wa mlongo wake, n'kutchula nambala yachinsinsi pakamwa, anthu ali pamzere akumva. Makampani a mafoni ndi mabanki amatichenjeza tsiku ndi tsiku kuti nambala imeneyi tisauze munthu, ndipo amanena zoona. Ndiye n'chifukwa chiyani njira zolipirira zipangidwe mwakuti nzika zina sizingalipire popanda kuulula? Ndalama zikasowa, mlandu umagwera yemweyo amene anaulula. Apa sitikunenanso za kukongola kwa tsamba. Tikunena za munthu wamkulu, mwina mphunzitsi kapena mlimi wa kalabu, amene sangathe kudziwa yekha ndalama zotsala m'thumba lake.

Wina anganene kuti kwathu kuno sitisiya m'bale yekha, wosaona ali ndi ana ndi adzukulu omuwerengera, ndipo umenewo ndiwo umunthu. Mawuwa ali ndi choonadi chake, ndipo palibe akufuna kuti kuthandizana kuthe. Koma thandizo lofunidwa limasiyana ndi thandizo lokakamizidwa. Mayi wogula mankhwala a matenda amene sakufuna kuti pamudzi padziwike, bambo wofuna kutumizira mwana wake kusukulu kandalama popanda nyumba yonse kuwerengera, mtsikana wochita bizinesi yaing'ono amene achibale akadziwa phindu lake ayamba kumubwereka, onsewa ali ndi zifukwa zomveka zofunira kuchita okha. Ife oona timazitenga mopepuka chifukwa sitinafunsidwepo kuti tionetse mlamu wathu uthenga uliwonse wa kubanki. Komanso si m'bale aliyense amene ali wokhulupirika, ndipo si nthawi zonse pamene mdzukulu ali pakhomo. Umunthu weniweni umafunsa mwini wake chimene akufuna, ndipo mabungwe a eni akewo, monga Malawi Union of the Blind, MANAD ya anthu osamva, APAM ya anthu achialubino ndi FEDOMA yowasonkhanitsa, akhala akunena kwa zaka zambiri kuti chimene akufuna ndi kudziimira paokha.

Zimene zinachitika kunja zili ndi phunziro limodzi lofunika kwa amalonda athu: lamulo silidikira kuti litchule intaneti kuti likugwireni. Lamulo la ku America loteteza aulumali linakhazikitsidwa mu 1990, masitolo a pa intaneti asanayambe. Komabe mu 2006 bungwe la National Federation of the Blind linasumira sitolo yaikulu ya Target chifukwa osaona ankalephera kugula pa tsamba lake, ndipo mu 2008 kampaniyo inavomera kulipira madola 6 miliyoni ndi kukonza tsambalo. Mu 2016 munthu wosaona anasumira kampani ya Domino's atalephera kuitanitsa chakudya pa intaneti. Kampaniyo inadzitchinjiriza ndi mfundo yakuti boma silinapereke muyeso woti itsatire, koma mu 2019 bwalo la apilo linakana mfundoyo, ndipo bwalo lalikulu kwambiri m'dzikomo linakana kumva apilo ina. Ndimaona kuti nkhani imeneyi ikufanana ndi yathu kuposa ina iliyonse, chifukwa nafenso tili ndi malamulo oletsa kusala olembedwa m'mawu otambalala, ndipo palibe chomuletsa woweruza wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre kuganiza chimodzimodzi tsiku limene nkhani yotere idzafike pamaso pake. Ku Ulaya anasankha kulemba zonse poyera. Kuyambira pa 28 June 2025, lamulo la mayiko a European Union likufuna kuti malonda a pa intaneti, mabanki ndi zina zotero zifikire aulumali, ndipo limayang'ana kumene kuli wogula, osati kumene kuli wogulitsa. Limamasula mabizinesi ang'onoang'ono a antchito osakwana 10 amenenso malonda awo a pachaka sapitirira mayuro 2 miliyoni. Dedza ndi dera la alendo, chifukwa cha zojambula zamakedzana za m'mapanga a Chongoni zomwe UNESCO inazilemba m'kaundula wake mu 2006, Dedza Pottery, ndi malo a zachikhalidwe a KuNgoni ku Mua. Sindikunena kuti mkulu wa boma wa ku Berlin adzakwera ndege kudzalipiritsa loji ya m'mbali mwa phiri la Dedza. Chimene chingachitike n'chakuti makampani a ku Ulaya ogulitsa maulendo, omwe lamulolo likuwakhudza mwachindunji, adzayamba kufuna zithunzi zofotokozedwa ndi mafomu oyenda bwino kwa amene amagwira nawo ntchito kuno. Ndipo wonena kuti izi n'za azungu ayang'ane ku Kenya, kumene mu 2022 anakhazikitsa muyeso wa dziko lawo wa zipangizo ndi mapulogalamu ofikira aulumali.

Dandaulo lakuti zonsezi zimafuna ndalama ndi lomveka kwambiri, makamaka pamene bandulo yakwera mtengo ndipo phindu la thumba la mbatata likuthera pa mayendedwe. Koma tiyeni tione chimene chimalakwika kawirikawiri. Bungwe la WebAIM limayesa chaka ndi chaka masamba oyambirira a mawebusayiti 1 miliyoni otchuka padziko lonse, ndipo limapeza zolakwika pa masamba pafupifupi 95 pa 100 alionse. Zotsogola ndi zilembo zosasiyana bwino ndi kumbuyo kwake, zithunzi zopanda mawu ofotokoza, ndi mafomu opanda mayina. Zonsezi si zofuna makina odula, koma chidwi cha wopanga. Kwa venda wa pa WhatsApp mtengo wake ndi mphindi imodzi: m'munsi mwa chithunzi atayipe kuti ndi kachewere wa mtundu wakuti, thumba ndi ndalama zakuti, likupezeka pakuti, nambala ndi iyi. Mawu otayipidwa amadya bandulo yochepa kuposa chithunzi, amafika ngakhale kumene netiweki ikuvuta kuseri kwa mapiri, ndipo wogula amatha kukopera nambala osalakwitsa. Kwa amene akulipira wachinyamata kuti awapangire webusayiti, nthawi yotchipa ndi poyambirira, polemba pangano: tsambali likwaniritse WCAG gawo AA, ndipo ndalama zomaliza ziperekedwe munthu wosaona atayesa kugulapo yekha. Kukonza pambuyo kuli ngati kugumula khonde lomanga kale kuti muikepo njira ya njinga. Chenjezo limodzi: alipo ogulitsa timapulogalamu tomata pa tsamba, amene amalonjeza kuti tikonza zonse tokha. Mu 2025 bungwe la boma la America loteteza ogula, FTC, linalamula kampani yotere ya accessiBe kulipira madola 1 miliyoni chifukwa cha malonjezo osocheretsa. Makompyuta a lero amathadi kuyerekeza zimene zili pa chithunzi, koma kuyerekeza si kokwanira pamene nkhani ndi ya mtengo ndi nambala yotumizira ndalama.

Pali mfundo ina yovuta, ndipo si bwino kuizemba. Anthu ambiri akumudzi sawerenga bwino, ndipo kwa iwo uthenga wa mawu ojambulidwa ndi umene wawatsegulira malonda a pa foni. Kodi tikalimbikitsa kulemba, sitiwatsekera kunja amenewa? Yankho lake likuoneka bwino tikakumbukira kuti m'boma lomweli, ku Mua, muli sukulu ya ana osamva. Mwana amene waphunzira kumeneko akakula n'kuyamba kuweta nkhuku, uthenga wa mawu wonena za mtengo wa chakudya cha nkhuku sumufika, ngati mmene chithunzi sichifikira wosaona. Sitolo imene imangoti tiimbireni foni yamutsekera khomo, ndipo kanema wolengeza malonda wopanda zolembedwa m'munsi ndi milomo yongoyenda. Choncho sitikusankha pakati pa mawu ndi zolemba. Wogulitsa atumize zonse ziwiri, ndipo alole kuti munthu amalize kugula polemba pokha kapena polankhula pokha. Chilankhulo nachonso chili ndi gawo. Pulogalamu yowerengera ikakhala pa liwu la Chingerezi imatchula Chichewa ndi lilime lachilendo, ndipo ngakhale ozolowera amamva, zimawavuta kwambiri wolemba akamadula mawu, kusakaniza manambala m'kati mwa mawu, kapena kudzaza tizithunzi ta nkhope pakati pa chiganizo, poti pulogalamuyo imatchula dzina la kankhope kalikonse.

Otsutsa omaliza amati osaona okhala ndi mafoni amakono ndi ochepa, ndiye tidikire kaye achuluke. Koma munthu angagulirenji foni yodula ngati zimene akufuna kuchitapo n'zotseka? Kuchepako ndi zotsatira za vutoli, si chifukwa cholisiyira. Ndipo mwayi wathu uli pomwepa: malonda a pa intaneti kuno akadali aang'ono, masamba ambiri sanamangidwe, achinyamata amene adzawamange akadali m'makalasi ku MUBAS, ku MUST ndi ku Mzuni. Katundu agawidwe malinga ndi mapewa. Venda wa ku Bembeke afunika kumuphunzitsa, osati kumulipiritsa. Mabanki, makampani a mafoni, ogulitsa mayunitsi a magetsi ndi madzi, ndi masamba a boma, amene munthu sangawathawe, amenewa ndi oyenera kupatsidwa muyeso wolembedwa ndi tsiku lomaliza. MACODA, MACRA, Reserve Bank of Malawi ndi Malawi Bureau of Standards akhale pansi ndi mabungwe a aulumali, atenge WCAG gawo AA, awonjezeremo njira ya nyenyezi ndi hashi yomwe malangizo akunjawo sanailembere, ndipo alengeze zonse m'Chichewa ndi m'Chitumbuka. Muyesowo unene kuti mndandanda usasinthidwe popanda kudziwitsa anthu, kuti wochedwa asadulidwe pakati, ndiponso kuti pakhale njira yolipirira yolankhula imene munthu angaimve m'khutu mwake yekha n'kudina nambala yachinsinsi ndi chala chake. Oyesa ngati zatheka akhale eni ake, olembedwa ntchito ndi kulipidwa ngati katswiri wina aliyense, ena mwa iwo ochokera m'maboma ngati Dedza, akuyesera pa foni yotchipa ndi pa netiweki ya kumudzi kwawo.